Waya Wachisanu ndi Chiwiri

Kuwailesi onse amangowatchula kuti Amisiri. M'mawa uliwonse amayala pansi chingwe chachikulu chonyamula mawu a mamaikolofoni khumi ndi awiri, n'kuvala mahedifoni. Amayesa waya mmodzimmodzi, uku akugwedeza polumikizira. "Chingwe chili ngati mwana," amatero. "Chikangoti zii, pali kanthu."

Lachinayi lapitali, kwaya itatsala pang'ono kuimba, anapeza kuti waya wachisanu ndi chiwiri sakutulutsa mawu. Anamasula, kulumikizanso, kuyesanso, koma ayi ndithu. Mayi woulutsa mawu anabwereka mahedifoniwo n'kumvetsera.

"Bambo, wayayutu ali bwinobwino. Mawu akumveka mbali yakumanzereyi."

Amisiri anatembenuza mahedifoni, mbali yakumanzere n'kuiika kukhutu lamanja. Mawu aja anamveka bwino lomwe. Vuto silinali waya ayi, khutu lawo lakumanzere ndilo linali litagontha. Anakhala pampando, ndipo kwaya itayamba sanadzuke kukayendera zingwe monga mwa masiku onse. Anamvera nyimbo yonse ndi khutu lotsalalo.

"Zaka makumi anayi ndili muno, mwana wanga, koma ndinkangosaka phokoso la m'zingwe," anauza mayiyo. "Kodi nthawi yonseyi ankaimba mokoma chonchi? Tawapempheni aimbenso ina."