Mphasa ya Pansi pa Mtengo wa Mango

Mundikhululukire polimba mtima kulemba. Sukulu ndinalekeza Sitandade 8 kwathu ku Dambe, ndipo ndinali mtsikana woopa ngakhale kukweza dzanja m'kalasi. Koma nkhani ya bambo anga palibenso wina amene angainene.

Bambo anali mkamwini m'mudzi wa mayi. Mayi atamwalira, abale sanawauze kuti abwerere kwawo, poganizira ine, komanso sanawauze kuti akhale. Ankalima fodya wa bale, ndipo zinawayendera mpaka anafolera nyumba ndi malata, yoyamba kumbali yathu.

Kenako dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Kusoka fodya kunawakanika. Ankayenda mokhwekhwereza mapazi, nkhope ili gwa ngati akwiya. Kuchipatala cha ku boma anati ndi matenda a Pakinsoni, nawapatsa mapilitsi a mitundu iwiri, achikasu ndi tina toyera. Ndinkawasunga ndine m'kachitini, ndipo adokotala anandiuza kuti asamadumphitse. Dzanja linayamba kumva mankhwala. Kukamwa kokha kunkawauma, ndipo akadzuka mofulumira ankachita chizungulire, koma zimenezi tinazizolowera.

Masana ena ndikutsuka mbale, bambo anandiitana ali pakhonde.

"Mwanawe, alendo akhale padothi iwe ulipo? Katenge mphasa."

Ndinayang'ana pansi pa mtengo wa mango pamene ankaloza. Panali nkhuku yokha ikupalasa. Chibadwire ndinali ndisanawatsutsepo, choncho ndinakayala mphasa.

"Moni wake?"

Ndinagwada. "Mwaswera bwanji?" ndinatero, ndikulonjera mphepo.

Kuyambira pamenepo alendowo ankabwera kawirikawiri. Bambo ankati ndi amuna ovala majekete, amayi osenza madengu, nthawi zina ana. Sankawaopa. "Sayankhula, koma ndi anthu aulemu," ankatero. Ine ndinkayala mphasa, kugwada, n'kukaipinda akati apita.

Tsoka lake njira ya ku mjigo imadutsa m'mbali mwa bwalo lathu. Kuseri kwathu kunali mayi wina amene kamwana kake kakamuna kanamwalira ndi malungo nthawi ya dzinja. Tsiku lina akudutsa ndi ndowa pamutu, bambo anakweza mawu:

"Kamnyamatako kapatse madzi, kali ndi ludzu!"

Mayiyo anaima. Anayang'ana mphasa yopanda munthu, nandiyang'ana ine ndili ndi kapu m'manja. Ndowa inagwa, madzi n'kumwazika m'njira.

Mawa lake mudzi wonse unali ndi yankho la malata athu. Ankati bambo ali ndi ndondocha, anthu akufa amene mfiti imawaukitsa kuti aziilimira, ndipo ine ndi amene ndimawadyetsa. Ndikafika pa mjigo, amayi ankangoti zii. Anyamata okha ndi amene ankandiyankhula.

"Achemwali, ifeyo moni simutipatsa? Kapena tiyambe tafa?"

Malume, mlongo wawo wa mayi, anali dalaivala wa thiraki yopita ku Zambia. Atabwera kumudzi sanavule ndi jekete lomwe.

"Alamu, mudzi wakwiya. Akuti zikapitirira chigafa chanu cha fodya chiyaka, inunso munyamuke muzipita kwanu."

"Nanga alendo ndiwapirikitse, alamu?"

"Alendo ati? Mapilitsiwa asanabwere pakhomo pano panalibe alendo. Iwe, bweretsa chitini chija."

Ndinabweretsa, ndikuyang'ana pansi. "Malume, adokotala anati asamadumphitse."

"Adokotalawo adzabwera kudzazima moto?"

Anaika chitini m'thumba, nauyamba wa ku Chipata. Sankawafunira zoipa bambo. Ankafuna kuwapulumutsa kwa anthu.

Alendo analekadi kubwera, koma bambo anayamba kuuma. Poyamba analephera kudzuka pampando. Kenako analephera kutembenuka pamphasa yogonera. Ndikawapatsa phala linkangokhala m'kamwa, malovu akutsika m'mbali. Thupi linatentha ngati malata a masana, thukuta lili kamukamu, mkono ndikaupinda ukukana ngati nthambi. Maso okha ndi amene ankanditsatira. Panja anthu ankati ndondocha zawatembenukira, ndipo palibe analowa kudzazonda.

Ndinayenda makomo opempha ngolo. Ena anati ng'ombe zadwala, ena sanayankhe odi wanga. Mkulu wina wa mpingo ndi amene anamanga ng'ombe zake osandifunsa kanthu, natifikitsa pa Kamwendo. Pamenepo kondakitala wa minibasi anasuzumira m'ngolo.

"Chemwali, maliro sitinyamula."

"Ali moyo," ndinatero. "Taonani, akuphethira."

Anawagoneka pampando wakumbuyo chifukwa miyendo inkakana kupindika. Njira yonse ndinaika dzanja pachifuwa pawo, kuopa kuti ndikalichotsa chileka kukwera.

Kuchipatala adokotala anafunsa chifukwa chimene anasiyira mankhwala. Ndinafotokoza za alendo, za mphasa, za malume, ndikudikira kuti andiseke kapena kundikalipira. Sanadabwe n'komwe.

"Mankhwalawa amatero kwa anthu ena, makamaka achikulire. Amaona anthu amene palibe. Mukanabwera nthawi yomweyo tikanawasinthira kamwedwe. Koma kuwasiya mwadzidzidzi kukhoza kupha munthu."

Anawaika madzi a m'mitsempha, nayambanso kuwapatsa mapilitsi achikasu. Toyera tija anati ndi timene amatikayikira kwambiri, ndipo sanatibwezeretse. Pang'onopang'ono bambo anayamba kumeza, kenako kukhala tsonga. Dzanja linkanjenjemera kuposa kale. Adokotala anati ndi bwino linjenjemere kusiyana ndi kuti mutu usokonezeke, ndipo alendo akadzaonekanso tidzathamangire kwa iwo, osati kubisa chitini.

Malume atamva anabwera. Ndinachita chinthu chimene sindinkadziwa kuti ndingathe: ndinapempha adokotala kuti awauze okha, pakamwa pawo. Malume anamvetsera chipewa chili m'manja. Potuluka anati, "Alamu, ndikanakuphani." Bambo anayankha mwapansipansi, "Mukanasowa wokangana naye."

Malume anakafotokoza kumudzi. Ena anamva, ena anati achipatala sadziwa za kuno. Titabwerera chigafa chinali chilili, koma palibe anabwera kudzatilonjera. Masana aliwonse ndinkaba maso kuyang'ana bambo, kuopa kuti aloza pa mango paja. Ndikamva phokoso la anthu kumsewu, ndinkatchera khutu mpaka litadutsa. Ndinkadziwa kuti zonse zili m'manja mwa mayi wa kuseri uja. Iye akanena kuti mwana wake ali kwathu, mudzi ukanamva iyeyo.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, tinamva "Odi!" Anali mayi yemweyo, ataima m'mphepete mwa bwalo, wopanda ndowa. Bambo anandigwira mkono ndi dzanja lawo lonjenjemera, nandinong'oneza:

"Awa nawenso ukuwaona?"

"Inde, bambo. Ndi amayi a kuseriku."

"Ndiye katenge mphasa."

Ndinathamangira m'nyumba n'kudzaiyala pansi pa mango. Mayiyo anakhala m'mphepete mwenimweni. Ndinagwada n'kumulonjera, ndipo ulendo uno moni unayankhidwa.

"Bambo, ndabwera ndi funso limodzi," anatero. "Kamnyamata munkakaona kaja kanali kotani?"

Ndinapemphera mumtima kuti bambo asalakwitse, ngakhale sindinkadziwa kuti yankho labwino ndi liti.

"Kanali kosinkhukirapo, mayi. Kovala yunifolomu ya sukulu ndi nsapato zakuda. Nkhope yake sindinkaidziwa."

"Wanga anali asanayambe sukulu," anatero mayiyo. "Nsapato sanavalepo."

Anafunditsa nkhope m'chitenje n'kuyamba kulira. Apo ndinazindikira kuti masiku onsewa sankangotiopa ayi. Mwina ankafunanso kumva kuti mwana wake ali penapake pafupi, pomwe wina akumupatsa madzi. Bambo anawerama, nanenso misozi inatsika.

Atatonthola anati kukhosi kwamuuma. Ndinabweretsa madzi m'kapu yomwe ija. Amayi awiri amene ankachokera ku mjigo anaima m'njira kuonerera. Mayiyo anawayang'ana, nalandira kapu ndi manja awiri, n'kumwa madzi onse.

Linali Loweruka, pa 16 Ogasiti 2003.