Wokama Ng'ombe za Anamfedwa

Akhristu anzanga, mwezi uno tikukumbukira Bambo Silvester Ngozo a mumphakati wathu kuno ku Tsangano. Ndikulemba mtima ukuwawa, pakuti mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake Mulungu amalola kuti zabwino za munthu zimutembenukire.

A Ngozo anabadwa mu 1951 ndipo anakulira kubusa, korona m'khosi, chikwapu m'manja. Atakwatira Mayi Maness ankalima kachewere, ndipo ng'ombe zamkaka zitafika kuno iwo anali m'gulu loyamba kulandira. Yawoyo anaitcha Mwaiwathu.

Kuimba sankatha ayi, mwakuti akwaya anawapempha mwaulemu kuti azingoomba m'manja. Utumiki wawo unali wina. Pamudzi pakagwa zovuta, m'mamawa ankatulukira kukhola la anamfedwa ndi chidebe komanso kansalu kawo kopukutira mabere a ng'ombe. "Ng'ombe sidziwa maliro," ankatero. "Inu lirani, ine ndikame." Ng'ombe ya mnzawo ikatupa bere, ankagawa pakati botolo la jakisoni lomwe agulira yawo. "Yangayi yayamba kudya, yachira. Otsalawa tengani." Tonse tinkawatama.

Zaka zinayi zapitazo bere la Mwaiwathu linatupa n'kuuma ngati mwala, mkaka n'kumatuluka wamibulu ndi magazi. Anabaya jakisoni, osamva. Anasintha mankhwala, chimodzimodzi. Posakhalitsa matendawo anali m'makola ambiri, ndipo kosonkhanitsa mkaka anayamba kutibwezera zigubu. Mlangizi wa ziweto, Mayi Christobel, anatenga mkaka kukaupimitsa, ndipo atabwerako anatiitanitsa tonse.

"Tizilombo ta matendawa tasiya kumva mankhwala," anatero mayiwo. "Mukabaya theka n'kulekeza, totsalato timalimba. Timayendanso pamanja ndi pansalu. Kodi alipo amene amakama m'makola onsewa?"

A Ngozo anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Ndine, mayi. Ndi kansalu kamodzi komweko."

"Pepani bambo, si inu nokha. Zolekeza mankhwalazi ambiri amachita."

"Zikomo, koma manjawa ndi anga."

Tsiku lomwelo anatentha kansalu kaja. Ng'ombe zambiri zinapita kwa ogulitsa nyama pamtengo wolira, ana ena n'kusiya sukulu. Anthu omwe aja a Ngozo anawakamira pamaliro a makolo awo anayamba kunena kuti mkuluyu watimaliza. Choipa chitsata mwini, ena ankatero, ngati kuti iwo botolo la theka lija sanalilandire ndi manja awiri.

A Ngozo sanayankhe munthu, ndipo sanakhudzenso ng'ombe ya wina. Misa sanaphonye, koma anasamukira pabenchi yakumbuyo. Pa nthawi yopatsana mtendere ankatambasula dzanja, ena n'kupinda awo pachifuwa, ngati kuti munthu ali ndi bere la ng'ombe. Mayi Maness atamwalira anatsala okha pabenchipo. Lamulungu lina ndinawafunsa ngati akupempherabe.

"Ndikupemphera, mwanawe," anandiyankha. "Ndimangowafunsa Ambuye kuti nanga ndikanathandiza bwanji. Sanandiyankhebe."

Anatisiya mwezi wa Juni, kunja kukuzizira, atalandira masakramenti. Anapita mwakachetechete, korona ili m'manja omwe aja. Abambo Mfumu anatilimbikitsa kutengera chitsanzo chawo cha kupirira ndi kusabwezera, ndipo n'zoona, chitsanzocho atisiyira. Koma mankhwala sakugwirabe, makola ambiri amera udzu, ndipo sindikunamizani kuti ndikuona kumene thandizo lichokere.

Mwaiwathu anamusiya ali moyo, mabere atatu atauma, limodzi lokha likutulutsa mkaka. Tsiku la maliro ng'ombeyo inayamba kulira m'mamawa, bere litadzaza. Akwaya anakweza mawu, koma tonse tinkaimva. Inalira mpaka tinabwerako kumanda, ndipo palibe amene anadzuka kukaikama.

Mzimu wawo uuse mumtendere.