Mwana wa Esinati pa makwerero a sitima

Ife a ku Neno madzi timawadziwa a m'ndowa. Ngakhale Shire timangomuonera pa mlatho wa Zalewa, titagwiritsa mpando wa minibasi. Ndiye musaseke ndikakuuzani kuti sabata yathayi ndinakwera sitima ya pamadzi.

Ndinkaperekeza mchemwali wanga Esinati wa ku Nsambe. Mwamuna wake, alamu anga a Fakisoni, amaphunzitsa kumpoto, m'mbali mwa nyanja, kumene msewu sufika. Mwana anabadwa iwo ali komweko, moti anali asanamunyamulepo. Ankangomuona pa foni basi.

M'sitima muja ndi mudzi, abale. Matumba a chimanga, malata, nkhuku, anthu atagona pamwamba pa katundu wawo. Uyu akuchapa, uyo akumetedwa, awo akukangana za mpira. Sitimayo imatsata gombe, kuima apa, kuima apo. Chizungulire chitandigwira, mayi wina wogulitsa usipa, a Nyaphiri, anandiseka mpaka misozi.

"Inu a kumapiri, yang'anani phiri lilo, osati madzi!"

Zinathandizadi. Esinati anawapatsa manachesi a kwathu, iwo n'kumusunthira pa mkeka wawo.

Vuto linabwera potsika. Pamalo pathupo panalibe doko. Sitima inaima patali ndi mtunda, ndipo tinayenera kutsika pa makwerero kulowa m'boti laling'ono lomwe linkavina ndi mafunde m'munsimo. Bambo wina wogwira ntchito m'sitimamo anamuimitsa Esinati.

"Mayi, masulani mwanayo. Pano mwana amatsika m'manja mwa anthu. Kumsana ayi, mukaterereka mupita naye."

Esinati anangomangitsa chitenje chake. Mukudziwa, eti, kwathu khanda silipatsidwa kwa munthu amene sudziwa chiwongo chake. Timaopa tsempho, timaopa maso a anthu.

"Achimwene, ine ayi. Bola ndibwerere naye."

Sitima inaliza hutala. Kutsalira m'menemo kunatanthauza kupitirira ulendo, n'kudzaimanso pamenepo sabata inayo. Kumtunda ndinkawaona alamu, atavala malaya oyera a kutchalitchi, atalowa m'madzi mpaka m'mawondo, akutikodola.

Mtima unandipsa. Ndinati, "Iwe Esinati, fumbi lonse lija tameza kuti bambo wa mwanayu adzangoona utsi wa sitima?" Koma nditasuzumira pansi paja, nanenso ndinabwerera m'mbuyo. Ndinaona kuti mwana wa mayi anga sakuchita mwano ayi, akuopa.

Apo a Nyaphiri anadzuka, ngakhale sipanali potsikira pawo.

"Mwana wanga, anga onse anatsika chonchi. Ndipatse ine kaye. Ndadya manachesi ako, ndingakuchite chipongwe?"

Esinati anawayang'ana, kenako anamasula chitenje. A Nyaphiri anapereka khandalo kwa bambo wa pamakwerero, iye kwa mnzake, mnzakeyo kwa gogo wina m'boti muja amene analifunditsa ndi mpango wake. Esinati? Anatsika makwerero aja ngati anabadwira pomwepo. Ine ndi amene anachita kundikoka malaya.

Chichokereni kumeneko ndakhala ndikulingalira za kwathu. Tayamba kuopana mopyola muyeso. Ndinaonapo ku Ligowe mayi akuyenda wapansi ndi mwana wotentha thupi, pomwe woyandikana naye nyumba ali ndi njinga yamoto. Chifukwa? Akuti banja limenelo sitiyenderana nalo. Kodi malungo amadziwa zimenezo?

Komabe sindikutaya mtima. Lole ikatitimira m'matope nthawi ya dzinja, timatsika tonse n'kukankha, osafunsana mpingo kapena chipani. Mtima umenewo ulipo, timangoudikirira tsoka kuti tiutulutse. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sananene kuti uyambe wafufuza kwawo kwa mnzakoyo.

Boti litayandikira mtunda, alamu sanadikire kuti ligunde mchenga. Gogo uja anawafunsa, "Ndinu bambo wake?" Iwo anangotambasula manja. Mphunzitsi wamkulumkulu, kulira pamaso pa ana a sukulu yake! Nanenso misozi inatsika, sindibisa.

Mwana wawo woyamba anamulandira kuchokera kwa munthu amene palibe mwa ife ankamudziwa dzina.

Nanga inu, pamudzi panupo, ndani angamasule chitenje n'kukupatsani wake?