Mkazi Mnzanga wa M'bokosi la Galasi

Kompyuta isanabwere, amuna anga anali ndi laputopu yokalamba, yosweka pakona, imene inkatentha ngati mbaula. Ntchito yawo ndi yojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, kuyambira kuno ku Phalula kumene timakhala mpaka kwawo kwa Kalembo, nthawi zina mpaka kwathu kwa Mposa. Akajambula ankabwera kudzadula zithunzizo, kuzilumikiza ndi kuikamo nyimbo, kenako n'kuisiyira laputopuyo kuti imalize vidiyo yonse. Iwo amati kurenda, ine ndimati kuphika. Pophikapo ndiye panali nkhani, chifukwa inkatenga tsiku, ndipo ukangoikhudza inkauma gwa.

Ndiye ankaisiya patebulo ikulira yokha, n'kutuluka kudzakhala nane pakhonde pamene ndimamangira mafilizesi ogulitsa kumsewu. Iwo ankandigwirira timapepala, ine ndikuthira, uku tikujeda akwati a dzulo lake, kuti mkwatibwi anakwinya nkhope tsiku lonse, kapena kuti apongozi anavina mpaka mpango kugwa. Laputopu ija ankaitukwana tsiku ndi tsiku, ine n'kumawathandiza kuitukwana. Sindinkadziwa kuti ndi imene inkandibwereka mwamuna.

Chaka china anthu atakolola bwino, maukwati anachuluka, ntchito inayenda, ndipo anandiuza kuti akufuna kompyuta yeniyeni. Sankafuna yogula yathunthu m'sitolo. Ku Limbe kunali bambo wina amene amaitanitsa zipangizo ku Joni n'kukumangira kompyuta monga mmene ukufunira, iwe n'kumasankha chilichonse cholowa m'katimo. Ine ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinkaona kuti ikamafulumira, adzamaliza msanga n'kukhala nane nthawi yaitali.

Kusankhako ndi kumene kunayamba kundiwawa. Foni siinkachoka m'manja. Poyamba ankandifotokozera, ndipo ndinkamvetsera. Ankati purosesa ndiye mutu wa kompyuta, ramu ndi malo amene imayalapo ntchito, akachepa imapanikizika, pamene galafiki khadi ndi imene imanyamula zithunzi zolemera. Kenako zinakula. Purosesa imene anaikonda siinkalowa pa bolodi, pamene pamalumikizidwa zipangizo zonse, imene anaikondanso, ndiye anakhala masiku osadya bwino, akuganiza kuti asiye iti. Atasankha khadi yaikulu, bambo wa ku Limbe anati pawa sapulayi, yogawa magetsi m'katimo, imene analemba ndi yaing'ono, siingaidyetse, nkhani n'kuyambiranso. Anafunsa anzawo a ku Zomba, anaonera mavidiyo a azungu akutsegula makatoni, anasintha maganizo, anabwereranso pakale.

Pondifunsira ine mbeta sanafufuze choncho. Anangondiona pa ukwati wa msuweni wanga ndikugawa thobwa, ndipo mwezi usanathe amalume awo anali atafika kale pakhomo pathu. Sanafunse munthu ngati ndimapsa mtima msanga kapena ngati ndingapirire kutentha kwa ku Balaka. Koma za kompyuta anafunsa. Anati Phalula imatentha, purosesa ingapse, ndiye pafunika mafani kutsogolo, kumbuyo ndi pamwamba. Ine ndinali nditapempha fani ya kuchipinda chilowereni m'nyumba imeneyi, ndipo yankho linali lakuti tizingotsegula zenera.

Anandifunsako maganizo kamodzi. Anandionetsa mabokosi awiri pafoni, loyera ndi lakuda, onse agalasi mbali imodzi.

“Mayi, mwa awiriwa lakusangalatsani ndi liti?”

Ndinakondwa ngati mwana. Ndinapukuta m'manja, ndinayang'anitsitsa, n'kuloza loyera.

“Iyayi, loyera lizionetsa fumbi,” anatero, n'kutumiza uthenga ku Limbe kuti amange lakuda.

Pano ndinenepo za kwathu, kuti mumvetse chimene chinkandidya. Bambo anga anali ndi akazi awiri, ndipo amayi anga ndiwo anali aakulu. Bambowo anali munthu wachilungamo, anthu onse a kumzikiti ankatero. Akagula shuga ankagawa pakati, akagula sopo chimodzimodzi. Idi ikayandikira ankabwera ndi zitenje ziwiri, n'kuziyala pamphasa, n'kunena kuti amayi asankhe poyamba poti ndi aakulu. Amayi ankagwada, n'kusankha, n'kuthokoza akumwetulira. Kenako ankapita kuseri kwa nkhokwe n'kukakhala pansi, chitenje chili pamiyendo, osachifutukula. Ine ndinkawaona. Ndinalumbira ndili kamtsikana kuti mwamuna wogawana sindidzakhala naye, ndipo amuna angawa ndinawauza zimenezi tisanakwatirane. Analonjeza, ndipo kunena zoona akazi sawayang'ana n'komwe.

Tsiku lokatenga kompyutayo ananyamuka m'mawa atavala malaya a ku ukwati. Pobwera m'minibasi anakana kuti kondakitala aiike kumbuyo ndi matumba a anthu, anaifukata pamiyendo kuchokera ku Limbe mpaka ku Phalula. Ataiika patebulo n'kuiyatsa, m'kati monse munayaka timagetsi tosinthasintha mitundu, mafani akuzungulira mwakachetechete kuseri kwa galasi. Inali yokongola, sindinama, ndipo kukongolako kunandinyansa. Anthu oyandikana nafe anadzaza pakhomo. Anaikamo vidiyo ya ukwati imene laputopu ikanaphika tsiku lonse, ine n'kupita kukateleka madzi a tiyi wa alendo. Ndisanathire masamba ndinamva akukuwa kuti yatha. Anthu anaomba m'manja, inenso ndinaomba nawo.

Sabata isanathe ndinazindikira chimene ndinaombera m'manja. Kudikira kunatha. Vidiyo ikatha ankayamba ina, ikatha imeneyo anthu anali atabweretsa kale ina, poti mbiri inamveka kuti ku Phalula kuli munthu amene amakupatsa ukwati wako alendo asanabalalike. Pakhonde ndinatsala ndekha, ndikugwira kapepala ndi dzanja limodzi, kuthira ndi linalo, madzi a filizesi akutayikira pamiyendo. Ndikawaitana kuti chakudya chapsa ankayankha kuti akubwera, nkhope ili kugalasi. Msana wawo ndinaudziwa bwino miyezi imeneyo, mpaka kachipsera ka pakhosi kamene sindinkakaona kale.

Magetsi akazima, batire ya sola imene tinagula limodzi kuti filiji isamasungunule malonda anga inkapita ku kompyuta. Ankati ikazima mwadzidzidzi ikhoza kuwonongeka m'kati, pamene mafilizesi amaumanso. M'mawa ankaipukuta ndi kansalu kofewa, n'kumauzira m'timabowo take, n'kumaimvetsera ngati ikupuma bwino. Ine nditadwala chimfine anandiuza kuti ndimwe madzi a mandimu, ndiponso kuti ndisamayetsemulire pafupi ndi tebulo. Amayi anzanga a kumsewu anayamba kundiseka.

“Anzathu, mwatani kuwonda? Kodi wamng'ono uja akukusowetsani mtendere?”

Ndinkaseka nawo, koma mumtima munkapsa. Akanakhala munthu ndikanadziwa pomupeza, ndikanamuyang'ana m'maso n'kumuuza mawu awiri. Koma bokosi ungakangane nalo bwanji, pomwe ndi limene likugula ndiwo pakhomo?

Chimene chinandimaliza ndi chitenje. Mphepo ya mwezi wa Ogasiti itayamba kunyamula fumbi la mumsewu, tsiku lina ndinalowa m'nyumba n'kupeza kompyuta yafunditsidwa bwinobwino, makona onse atakonzedwa. Chofundacho chinali chitenje changa cha pachinkhoswe, chobiriwira chamaluwa achikasu, chimene ndinkasunga pansi pa sutikesi ndipo ngakhale ine mwini wake sindinkachivala wamba.

“Bambo, mwachitenga kuti chimenechi?”

“M'sutikesi. Zinazi n'zopyapyala, fumbi limadutsa. Nanga si chimangokhala, simuchivala?”

M'mawa mwake ndinakwera ulendo wa kwa Mposa kukadandaula kwa amjomba anga, achimwene awo a amayi, amene ndi ankhoswe a mbali yanga. Anandimvetsera mpaka kumapeto atagwira chibwano.

“Amakumenya?”

“Iyayi.”

“Ali ndi wina?”

“Munthu ayi. Koma ine mwamuna ndilibe, amjomba. Ndimakhala ndi msana wake.”

Amjomba anabwera Loweruka masana, limodzi ndi amalume a amuna anga ochokera kwa Kalembo. Abambowo anakhala pamipando, ine pamphasa chakukhomo. Ndinalankhula zonse, za pakhonde, za batire, za chitenje. Amuna anga anadabwa zenizeni, sanali kunamizira.

“Akuluakulu, ine mowa sindimwa, kunja sindigona, tsiku lonse ndimakhala m'nyumba muno. Nanga ndalakwa pati?”

Amjomba anati kuti aweruze bwino ayambe achiona chinthucho. Apa ndi pamene mlandu wanga unayamba kumira. Amuna anga anavundukula chitenje, n'kuyatsa, ndipo timagetsi titayaka amjomba anasendeza mpando. Anafunsa kuti mafani onsewo ndi a chiyani, anafunsa kuti chachikulu chili pakatipo ndi chiyani, n'kuuzidwa mbiri yonse ya galafiki khadi, mmene inasankhidwira ndi mmene inayendera kuchokera ku Joni. “Chambone,” ankangotero amjomba, kuyamikira kuti n'chabwino, akugwedeza mutu, munthu amene ndinamulipirira galimoto kuti adzandiimire.

Pofuna kuwaonetsa mphamvu yake, amuna anga anatsegula vidiyo ya chinkhoswe chathu, imene mnzawo anatijambula ndi kamera yachikale. Ndinkaidziwa kuti ndi yachimbuuzi, nkhope sizinkaoneka bwino. Koma iwo anali ataikonza, sindikudziwa kuti liti. Zithunzi zinali mbee. Anaichedwetsa, n'kukuza nkhope ya mtsikana amene ankatuluka m'nyumba ya amayi atavala chitenje chobiriwira chamaluwa achikasu, akuyesetsa kuti asaseke koma kuseka kukumuposa mphamvu.

“Taonani apa, amjomba,” anatero amuna anga. “Taonani mmene akubisira mano. Ndimabwereza pamenepa tsiku lililonse, sipandikwana.”

Mawu amene ananenera zimenezo ndi amene ndinkawasowa miyezi yonseyo, ofewa, a pakhonde paja. Ankawanena atayang'ana galasi, ine ndili kumbuyo kwawo pamphasa, ndipo sanatembenuke. Ndinachita nsanje ndi mtsikana ameneyo kuposa mmene ndinachitira ndi bokosi lija. Iye sakalamba, satuluka thukuta, sadandaula za batire, ndipo akamufuna amangodina. Misozi inatsika, koma abambo atatu onsewo maso anali kutsogolo.

Ankhoswe anaweruza mwachidule. Anati chitenje chibwerere kwa mwini wake, mwamuna azipeza nthawi yocheza ndi mkazi wake, ndipo mkazi asamakwiyire khasu limene likumulimira. Potsanzikana, amjomba anawakokera amuna anga pambali n'kuwafunsa ngati makinawo angathenso kuyeretsa chithunzi chakale cha malemu agogo.

Amuna anga si munthu woipa, ndipo anafunadi kukonza zinthu. Lolemba anapita ku Balaka kukasiya vidiyo ya anthu, n'kubwera madzulo dzuwa lisanalowe ali ndi jumbo m'manja, nkhope ikuwala. Anandiitanira m'nyumba. Anatulutsa zitenje ziwiri zatsopano, zokhuthala, zokongola mofanana, n'kuziyala pamphasa moyandikana.

“Sankhani ndinu poyamba, mayi. Chotsalacho ndizifunditsa kompyuta.”

Nkhani ya amayi ndi zitenje ndinawauzapo kangapo pakhonde, laputopu ikuphika, koma anali ataiwala, kapena sanaone kuti zikufanana. Anaima pamenepo akumwetulira, akudikira kuti ndigwade, ndisankhe, ndithokoze. Ndinaona amayi kuseri kwa nkhokwe, nsalu yopinda ili pamiyendo.

Ndinawerama n'kutola zonse ziwiri.

“Aa, nanga inayo?” anafunsa.

“Zonse ndi zanga. M'nyumba muno mkazi ndi mmodzi, ndipo sagawana nsalu ndi aliyense. Kompyutayo ikafuna chofunda, muzibwera pakhonde kudzabwereka kwa ine, m'mawa muzibweza.”

Anaseka, akuyesa nthabwala. Ataona kuti sindikuseka anandiyang'ana kumaso, nthawi yaitali, ngati munthu amene wakumana ndi m'bale wake pamsika wachilendo.

Mpaka lero zili choncho. Dzuwa likapendeka, mphepo ya fumbi ikayamba, ndimamva mafani akusiya kuzungulira, kenako chitseko. Amabwera pakhonde n'kuima, n'kunena kuti abwera kudzabwereka nsalu. Ndimawauza kuti manja anga ndi onyowa, ayambe andigwirira kapepala. Amakhala pansi n'kugwira. Ndimawafunsa za akwati a dzulo, amayamba ndi mawu awiri, kenako nkhani imawakoka okha. Nthawi zina ndimaona maso awo akuthawira kuchitseko, ndipo nsanje ija imandilasabe, sinathe ayi. Ndikatero ndimatenga kapepala kena n'kuwapatsa. Nsalu imakhala pomwepo pansi pa mpando wanga, ndipo ndimathira pang'onopang'ono.