Kusaka Manda a ku Kamtondo

Chilala chachikulu chija chitangotha, amayi anga anasiya kudandaula za miyendo n'kuyamba kudandaula za manda. Tinkakhala nawo pa boma la Chadiza, m'nyumba ya pasukulu imene ndinkaphunzitsa. Ankati tisadzawaike kumanda a pa boma, pakati pa anthu amene sanagawanepo nawo ndi mchere womwe. Ankafuna kukagona pafupi ndi amayi awo, kumudzi wa Kamtondo, cha ku Zemba.

Vuto linali lakuti mudziwo anauchoka ali kamwana. Amayi awo atamwalira, bambo awo anawatenga kupita nawo kwawo ku Pembamoyo, ndipo sanabwererenso. Chimene ankakumbukira ndi mtengo waukulu wa mtondo ndi kamtsinje kowolokera pamiyala, basi.

Ine nthawi imeneyo chipentekosite chinali chitandilowa mpaka m'mafupa. Ndinawauza kuti dothi ndi dothi, Mulungu adzawapeza paliponse.

"Mulungu adzandipeza, mwanawe," anatero. "Nanga amayi anga?"

Ndinapsa mtima. Loweruka lotsatira ndinapopa njinga, n'kumangirira pakaliyala kope langa la mbiri ya banja. Kopelo ndinkalinyadira zedi. Ndinali nditalembamo bambo anga, bambo awo, bambo a bambo awo, mpaka mibadwo isanu, ndi inki yofiira m'mitu. Ndinkaganiza kuti munthu wa kope lotere sangasowe abale.

Kamtondo ndinamupeza mosavuta, m'mphepete mwa msewu, dzuwa lili paliwombo. Koma mtondo kunalibe, kamtsinje kunalibe. Kunali mjigo, mango, ndi mapesi a thonje owunjikidwa kudikira moto. Mumtima ndinati amayi ukalamba wawasokoneza. Pansi pa mango panali azimayi akusenda mtedza, ndipo titapatsana moni ndinatsegula kope n'kuwawerengera mayina onse mokweza ngati ndikuitana ana m'kalasi. Anandimvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Kenako mmodzi anandifunsa kuti kodi ndine wa bere la yani, kutanthauza mayi amene ana ake ndi zidzukulu zake za kuchikazi ndife. Ndinati ndawerenga kale. Anayang'anana, wina n'kubisa pakamwa ndi chitenje. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka ukali. Ndinawafunsa ngati m'mudzi monsemo munalibe munthu wodziwa zakale.

Ananditumiza kwa nkhalamba ina, mmodzi wa adzukulu, anthu okumba manda. Ndinapita monyinyirika chifukwa pakhomo pawo panali ng'oma za gule, zimene ife kutchalitchi tinkazidzudzula Lamlungu lililonse. Ndinawapeza akusema mpini. Kope langa analigwira chadodolido, n'kundipempha kuti ndiwerenge. Nditamaliza anaseka mpaka kutsokomola.

"Aphunzitsi, mwatibweretsera atambala okhaokha. Kuno anapiye timawadziwira thadzi."

Ndinafuna kukwera njinga n'kumapita. Chimene chinandigwira ndi nkhope ya amayi, poti ndikanakawauza chiyani? Ndinafotokoza zonse, za mtondo ndi za kamtsinje. Nkhalambayo inati amayi sanasokonezeke, wosokonezeka ndine. Mudziwo unasamuka kawiri: koyamba nthaka itatopa, kachiwiri anthu atafuna kuyandikira msewu ndi msika wa thonje. Dzina anasamuka nalo monga momwe ananyamulira mphasa ndi mitondo yosinjira, koma manda anatsala pabwinja. Manda sanyamulika, anatero, n'kutenga ndodo yawo.

Njinga tinaisiya. Tinayenda m'minda yokololedwa, iwo patsogolo, akutchula malo ngati akutchula ana awo. Apa ndi Pamsasa, pamene anthu anagona chaka chosamuka asanamange nyumba. Apo ndi Dambo la Amasiye, limene analimapo mpunga azimayi atatu amene amuna awo anapita kumigodi osabwerako. Ine ndinaphunzitsa ana mitsinje ya maiko akutali zaka khumi, koma zimenezi sindinazionepo pamapu alionse. Titatsetsereka, tinafika pakamtsinje kouma, miyala yosalala ili mbuu.

Iwo anati apa ndi Paswambiya, ndipo ine ndinaima chilili.

Kunyumba kwathu mbale ikasweka, amayi sankakalipa. Ankangoti n'zakumtundu, ife ndife a Paswambiya. Kuyambira ubwana wanga ndinkayesa ndi nthabwala yawo chabe, ndipo sindinafunsepo. Safunsa anadya phula, ine ndinadya zaka makumi anayi. Nditawauza zimenezi, akuluwo anakhala pamwala. Anati kalekale kunali mayi woumba mbiya, amene tsiku lina anaterereka pamiyalapo atasenza mbiya zokasinthanitsa ndi chimanga. Zinasweka zonse, ndipo anatukwana miyalayo mokweza moti anamumva ali kumudzi. Mwana wake wamkazi anakwatiwa ndi munthu wa ku Pembamoyo, n'kumwalira akadali wamng'ono. Manda ake iwo anakumba nawo ali mnyamata wongoyamba kumera ndevu. M'mawa mwa kumeta maliro, mwamunayo ananyamula kamwana pamapewa n'kupita osatsazika, ndipo abale anadandaula mpaka kutopa.

"Kamwana kaja kakadali moyo?" anafunsa.

Ndinangogwedeza mutu. Ndinalira, mphunzitsi wamkulumkulu, pamaso pa munthu amene tsiku lomwelo ndinkaopa kukhala pampando wake.

Kumanda sitinalowe, poti salowako popanda maliro. Anandionetsa tili panja pa msitu, n'kuloza ndi ndodo mbali imene agogo anagona. Mtondo unali chiimire kumtunda kwa bwinja. Pobwerera anandiperekeza kwa mwini mbumba, mdzukulu wa mng'ono wake wa woumba mbiya uja, ndipo ndinapeza kuti mkazi amene anandiseka ndi chitenje pakamwa anali mlongo wanga wa m'mbumba yomweyo. Mwini mbumbayo anati malo a amayi alipo, sanapite kulikonse.

Nditafika kunyumba amayi sanafunse za abale. Anangofunsa ngati mtondo ulipo, ndipo nditavomera anapempha phala, chinthu chimene anali atachikana sabata yonse.

Anamwalira dzinja lotsatira, chimanga chili m'chiuno. Galimoto inathera pamsewu, ndipo bokosi linapitirira pangolo. Paswambiya madzi anali m'maondo, ng'ombe zikuterereka, adzukulu akundinyogodola kuti ndigwiritse ndisaswe mbiya ina. Abusa athu anapemphera, adzukulu anakwirira, ndipo palibe amene analanda ntchito ya mnzake.

Anthu akubalalika, nkhalamba ija inandikokera pambali n'kundionetsa kamalo kumiyendo kwa amayi. Inati pamenepo ndi panga, ndikadzafuna. Ndinathokoza, kenako ndinafunsa za ana anga atatu.

"Amenewo ndi a eni, aphunzitsi. Akafunse kwa amayi awo."

Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe. Nditabwerera ku boma ndinatsegula tsamba latsopano m'kope lija. Pamwamba ndinalemba woumba mbiya, pansi pake agogo, kenako amayi, kenako mlongo wanga weniweni, wokhala ku Lusaka, ndi ana ake, amene sadziwa ngakhale njira ya ku Zemba. Dzina langa ndinalilemba pambali pa la mlongo wanga. Ndinagwira bolopeni nthawi yaitali, ana anga akusewera mpira pabwalo, koma pansi pa dzinalo sindinalembepo kanthu.