Kamawu Kamene Kanachotsetsa Ntchito Mama Lindiwe

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, nditangofika ku Joni kutsatira bambo anga amene ankaphika m'nyumba ya azungu. Kusukulu ndinali ndisanapondeko. Chizungu changa chinali chongotola pawindo la khitchini.

Panyumbapo ankagwiranso ntchito Mama Lindiwe, mayi wachizulu wochapa zovala, wa manja ong'ambika ndi sopo. Ankandibisira buledi wopaka jamu.

Tsiku lina m'mawa, bambo pokataya zinyalala anasiya geti losatseka. Galu wa dona anatuluka, galimoto n'kumuponda. Ine ndinaona zonse. Dona anandigwira khutu, akufunsa amene anatsegula getilo. Bambo ndi Mama Lindiwe anali ataima limodzi pakhomo la khitchini. Ndinaloza komweko, ndikuyesa ndikuulula bambo anga: "She open."

Kwathu munthu ndi iye, wamkulu ndi iwo, kaya wavala buluku kaya chitenje. Akanandiuza ndani kuti azungu anawang'amba pakati mawu amenewa, ena a mwamuna, ena a mkazi? Ine ndinkayesa "she" ndi mawu aulemu, poti ndi amene onse ankatchulira dona. Ndinawapatsa bambo ulemu wawo.

Dona sanafunse n'komwe dzina. Galu anamulira, koma munthu sanamumvetsere. Dzuwa lisanafike pamutu, Mama Lindiwe anali atamanga zovala m'bulangete. Ntchito yatha, kachipinda kawo kogona kapita, pasi yowalola kukhala m'tauni yafa. Podutsa anangondifunsa chapansipansi, akunditchula mnyamata wawo m'Chizulu, "Nawenso, mfana wami?"

Nditamvetsa chimene chachitika, ndinathamangira bambo kuti tikakonze. Anandikhazika pansi n'kundikankhira mbale.

"Ukakonza mawu ako aja, tonse tikwera sitima ya ku Dedza. Amako adya chiyani? Idya."

Ndinadya.

Kuwerenga ndinaphunzira ndili ndi ana kale, m'kalasi ya akuluakulu. Tsiku limene aphunzitsi analemba timawu tiwirito, "he" ndi "she", pa bolodi, anzanga ankaseka posokoneza. Ine pensulo inathyokera m'manja. Mpaka lero kuno ku Bertrams, mu Joni momwemuno, mwini nyumba akafunsa amene wasiya madzi akutayika pampopi, ndimatchula dzina la munthu, kapena sindiyankha.

Bambo anaikidwa m'manda anthu akuwatama kuti anali okhulupirika pantchito. Zimandiwawa, ndipo sindinawakhululukire. Zaka zambiri ndinkatukwananso Chizungu. Koma ndakalamba, kudzinamiza ndatopa nako. Chizungu chinandipunthwitsa m'mawa umodzi wokha. Kukhala chete kuja tinapangana m'Chichewa, ndipo palibe mawu amene ndinaphonya.