Manda a msilikali Paison

A Paison anamwalira mu Okutobala, mwezi umene nthaka ya ku Ulongwe imauma gwaa, khasu n'kumangodumpha. Anali ndi zaka 101. Mwana wawo wotsiriza, a Festus, mphunzitsi wa ku Balaka, atamva uthengawo analira, koma misozi isanaume anagwidwa ndi mantha: kodi anthu avomera kukumba manda a bambo awo?

Manthawo anali ndi chifukwa. Kwathu kuno banja losaoneka pa maliro a anzawo, adzukulu, amuna okumba manda aja, amalikhaulitsa. Amafika kumanda, n'kukhala pamthunzi makasu ali pambali, kuti eniake akumbe okha. Ndipo a Festus, tisawabisire, anali atatha zaka makumi awiri osaponda pa maliro a m'mudzi. Kukapanda mayeso kunali msonkhano wa aphunzitsi, chipepeso chinkangofika pa foni.

Bambo awo ndiye anali munthu wina. Anabadwira ku Chikweo, analowa usilikali ku Zomba ndevu zisanamere, nakamenya nkhondo ku Burma. Za mfuti sankakonda kusimba. Chimene ankabwereza n'choti kumeneko anakwirira anzawo m'matope, mothamanga, m'maenje osafika n'komwe m'chiuno, ndipo zimenezi zinawawawa moyo wawo wonse. Atabwerako anakhazikika ku Ulongwe, nakhala mkulu wa adzukulu zaka zoposa makumi asanu. Manda ankayeza ndi bango, makona ake ngati awongola ndi kalipentala. Anali Mkatolika wa kolona m'thumba, koma Asilamu akaferedwa ankathamangira kwa iwo, poti kachipinda ka m'mbali mwa dzenje kogonekamo mtembo palibe amene ankakasema ngati iwo. Mjigo ukafa, anthu ankaitana a Paison. Mlatho wa mitengo ukakokoloka, ankayamba ndi iwo kulowa m'madzi. Ine ndimadabwa mpaka lero kuti thupi lowonda lija mphamvu linkazitenga kuti.

Pofuna kupewa manyazi, a Festus anachita zimene amachita anthu a m'tauni. Anatenga aganyu anayi ku Balaka, ndi mapiki awo, nakwera nawo minibasi.

Atafika kumanda m'mawa wa tsiku la maliro, a Festus anaima chilili. Panali amuna oposa zana, ena ovala zisoti za kumzikiti, ena atapalasa njinga kuchokera ku Chikweo, onse pamzera kudikira mpata wolowa m'dzenje. A Wadson, mkulu wa adzukulu amene anaphunzitsidwa ntchitoyi ndi malemuwo, anayang'ana aganyu aja, kenako a Festus.

"Aphunzitsi, alendowa ndi a chiyani?"

"Ndimati atithandize. Nthakayi yauma."

"Iyayi, musatinamize. Mumaopa kuti tinyanyala."

A Festus anangowerama.

"Apatseni chakudya, abwerere bwino," anatero a Wadson. "Koma inu mumve. Pa maliro alionse bambo anu ankalowa m'dzenje kawiri. Koyamba ankakumba gawo lawo. Akatuluka, kupuma pang'ono, n'kulowanso, amvekere, 'Ili ndi khasu la Festus, watanganidwa ndi ana a sukulu.' Miyendo itafooka tinkachita kuwatsitsa ndi manja, amenye kawiri katatu, tiwatulutse. Komaliza ndi chaka chathachi, pa maliro a mayi Dailesi. Tinawaletsa, anatikalipira ngati tili pa perete. Ndiye inu m'mudzi muno simunajombepo maliro, aphunzitsi, ngakhale amodzi."

A Festus anamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi. Zaka zonsezo ankabwera pa Khirisimasi ndi shuga ndi sopo, akudziona ngati mwana wosamala kholo, osadziwa kuti nkhalamba ya zaka zana inkatsikira m'manda kukawasungira malo pakati pa anthu. Ndipo sinawauzepo, ngakhale mowadandaulira.

Anavula jekete, nalipachika pa mtengo, n'kutambasula dzanja kuti awapatse khasu. A Wadson analigwira dzanjalo mwaulemu, nalibweza.

"Lero ayi. Mwana sakumba manda a bambo ake. Khalani apo muone mmene timawaperekezera. Koma kuyambira mawa, aphunzitsi, wolowa m'dzenje m'malo mwanu kulibenso."